Buku la Haralambos silidziwa nkhoswe

Aliyense amene anaphunzirako sociology pa yunivesite, kapena amene anagulirako mwana mabuku a phunziroli, dzina la Haralambos amalidziwa. Ndi chibuku chonenepa ngati njerwa, chimene ophunzira amalandizana m'laibulale ndi kuchita fotokope chaputala ndi chaputala mpaka zilembo kufufutika. Dzina lake lenileni ndi Sociology: Themes and Perspectives, ndipo chinatuluka koyamba ku Britain mu 1980. Mlembi wake, Michael Haralambos, ankalembera ana a kwawo okonzekera mayeso a A-level. Koma bukulo linawoloka nyanja, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa ophunzira m'Chingerezi linasanduka khomo lolowera m'phunziro limeneli.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo, sociology ndi phunziro lofufuza mmene anthu amakhalira pamodzi: banja, mudzi, mpingo, sukulu, ntchito, ndi chifukwa chake ena amadya katatu patsiku pamene anzawo akugona ndi njala. Mwana wa ku Malawi akanayenera kulimva msanga phunziroli, poti zinthu zake anabadwira momwemo. Nanga mabuku amene timamupatsawa amamutsegula maso kuti aone kwawo, kapena amamupotoza khosi kuti aziyang'ana kwa eni?

Tisalinamizire bukuli. Linalembedwa bwino ndithu. Maganizo a Karl Marx, Emile Durkheim ndi Max Weber limawafotokoza m'Chingerezi choti mwana wongochoka ku Fomu 4 akhoza kutsatira, ndipo pa nkhani iliyonse limaika maganizo otsutsana kuti wowerenga asankhe yekha. Vuto limayamba pa zitsanzo, komatu m'phunziro ili chitsanzo ndicho chimatsala m'mutu mayeso akatha.

Tiyeni titenge chaputala cha banja. Wophunzira amayamba ndi George Murdock, Mmereka amene mu 1949 anayerekeza mitundu 250 ya anthu ndi kunena kuti kulikonse maziko a banja ndi bambo, mayi ndi ana awo, okhala pamodzi ndi kuthandizana pa chuma. Bukulo limamutsutsanso Murdock, koma umboni limakautenga ku Kerala, ku India, kwa mtundu wa Nayar umene unkatsata mzere wa kuchikazi. Kenaka timapita ku Bethnal Green, dera la anthu osauka ku London, kumene Michael Young ndi Peter Willmott mu 1957 analemba kuti atsikana okwatiwa ankakonda kukhala pafupi ndi amayi awo ndi kumawadalira pa zonse.

Taganizani tsono. Mwana wa ku Dowa, ku Machinga kapena ku Phalombe, amene bambo ake anamanga nyumba kwawo kwa mayi ake, amene pa mlandu uliwonse wa pakhomo pamaitanidwa amalume ake, wachezera usiku wonse kuloweza kuti ku London kunapezeka akazi okhala pafupi ndi amayi awo. Wayenda mpaka ku India kukaona mzere wa kuchikazi, chonsecho anausiya pakhomo tsiku limene ankakwera basi ya ku Zomba. Pa mayeso akhoza bwino. Koma waphunziranso china chimene palibe anachilemba pa bolodi: kuti za ku Bethnal Green ndiye maphunziro, za kwawo ndi miyambo chabe.

Ena anganene kuti izi ndi zokangana za anthu ophunzira, zosakhudza nsima ya munthu. Ayi ndithu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumidzi. Omaliza digiri ya sociology ndi amene amakagwira ntchito m'maofesi osamalira anthu ndi m'mabungwe a chitukuko. Ndi amene amakonza mafomu amene amafika kumidziko. Fomu ikafunsa kuti "mutu wa banja ndani", yankho lake m'mudzi wa chikamwini si lapafupi. Mwamuna ali pakhomopo ndi mkamwini, munda ndi wa mbumba ya mkazi wake, ndipo pa nkhani zazikulu za ana mawu omaliza akhoza kukhala a mwinimbumba amene akukhala mudzi wina. Kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kumene ambiri amalowola, yankho lake ndi linanso. Lamulo la 2016 lokhudza malo a makolo linatsegula njira yoti minda izilembetsedwa. Ilembetsedwa m'dzina la yani? Wolemba fomu amene mutu wake unadzaza Murdock akhoza kulanda mayi munda ndi cholembera, iye osadziwa n'komwe.

Ngakhale ndale zathu simungazimve popanda mawu amenewa. Kwa zaka 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, Dr. Kamuzu Banda ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko muno anali mbumba yake, yomuvinira pa misonkhano. Mawu a pachibale anasanduka chida cha boma. Imeneyi ndi sociology yeniyeni, yoti Weber yemwe akanadzuka akanaitchera khutu. M'buku la Haralambos simungaipeze, ndipo sitingamudzudzule, poti sankalembera ife.

Chodabwitsa n'chakuti mabuku onena za ife alipo, ndipo ena ndi otchuka dziko lonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ku Livingstone kunakhazikitsidwa bungwe la kafukufuku la Rhodes-Livingstone Institute, limene linatumiza ofufuza m'midzi ndi m'migodi ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mmodzi wa iwo, J. Clyde Mitchell, anatulutsa The Yao Village mu 1956. M'bukumo anaonetsa kuti mudzi wa Chiyao umamangidwa pa mbumba, ndipo umagawanika pamene abale aamuna ayamba kulimbirana alongo awo, wamng'ono n'kutenga ake kukayamba mudzi watsopano. Max Marwick, mu Sorcery in its Social Setting la 1965, anafufuza Achewa a kum'mawa kwa Zambia napeza kuti anthu satchulana ufiti mwachisawawa: kawirikawiri wotchulidwa ndi mbale wa kuchikazi, pa nthawi imene pali mkangano wa chuma kapena ufumu. Jaap van Velsen analemba za Atonga a ku Nkhata Bay mu The Politics of Kinship la 1964, ndipo Margaret Read analemba za Angoni mu 1956 ndi 1959.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, anatero akuluakulu, ndipo alendo amenewa anaona zinthu zimene eni ake tinazizolowera. Masiku ano pamene nkhalamba zikumenyedwa ndi kuphedwa poganiziridwa ufiti, buku la Marwick likanayenera kukhala m'manja mwa wophunzira aliyense wa chaka chachiwiri. Limamuphunzitsa kufunsa funso loyenera: pakati pa wotchula ndi wotchulidwa pali ubale wanji, ndipo akulimbirana chiyani?

Komatu kalumo ka mlendo kamachekanso pena posayenera. Mabukuwa analembedwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo kawirikawiri mtsamundayo saoneka bwino m'masamba mwake. Mitchell yemweyo, m'kabuku kake kotchuka ka The Kalela Dance, anafotokoza anyamata a ku Luanshya ovina atavala bwino zovala za chizungu, ndipo anazitenga ngati chizindikiro chosirira moyo wa azungu. Bernard Magubane wa ku South Africa, amene anaphunzitsako sociology pa yunivesite ya Zambia, anatsutsa kaonedwe kotere mu 1971. Iye anati ofufuzawo ankawerenga masuti ndi nsapato n'kuiwala mgodi, malipiro ochepa ndi tsankho zimene zinaika anthuwo pamenepo. Chaka chomwecho Archie Mafeje anadzudzula chizolowezi chofotokoza chilichonse cha mu Africa ndi mawu oti mtundu. Mkangano umenewu unachitikira pakhomo pathu penipeni. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ophunzira mmene akatswiri amatsutsirana alibe chifukwa chopitira ku London. Angowapatsa Mitchell sabata ino, Magubane sabata ya mawa.

Pali mulu wina wa mabuku umene pa mndandanda wa zowerenga za sociology suoneka kawirikawiri, ndiwo mabuku a m'Chichewa. A Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anapambana mphotho mu 1933 ndi buku la Nthondo, limene limatsata moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka ufumu. Iwo omwewo analemba Mbiri ya Achewa. A Archibald Makumbi analemba Maliro ndi Miyambo ya Achewa, ndipo a John Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo, limene ambiri tinaliwerenga ku sekondale. Mabuku amenewa timawaika pa shelefu ya mabuku a Chichewa, n'kumafunsa ana miyambi ndi zining'a zopezeka m'menemo. Chonsecho muli zimene Mitchell ndi Marwick ankazifunafuna kudzera mwa otanthauzira: ndani amalankhula pa maliro, ndani amagawa chuma cha masiye, mkamwini amaima pati, mwana amalangidwa ndi yani.

Sitikunena kuti mabuku a Chichewawa alowe m'kalasi ngati Baibulo. Nawonso ali ndi zofooka zawo. Olemba ake anali amuna ophunzira ku mishoni, ndipo mawu a m'mabukumo ndi a amuna aakulu. Mkazi amaoneka akulangizidwa, koma samveka akuyankha. Mwambo umafotokozedwa ngati mwala wosasuntha, pamene pa nthawi yomweyo amuna ankathawa msonkho, ankapita ku Halale ndi ku Joni, ndipo midzi inkatsala ndi amayi. Nthondo amathera m'Chikhristu monga mmene amishoni akanakondera. Koma zofooka zimenezi ndizo phunzirolo. Wophunzira amene angathe kufunsa kuti a Gwengwe ankalembera yani, anasiya chiyani, ndipo agogo ake aakazi akanawonjezapo chiyani, ameneyo wayamba kuchita sociology, osati kungoloweza.

Njira imeneyi ena anailambula kale. Malemu J.A.K. Kandawire, amene anali mphunzitsi pa Chancellor College, anatenga liwu limodzi lokha, thangata, nalemba buku lonse mu 1979. Anaonetsa mmene liwu lotanthauza kuthandizana pa ntchito linasandukira dzina la ntchito yokakamiza m'minda ya azungu. Megan Vaughan, polemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre m'buku lake la 1987, anamvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba pa mtondo, ndipo m'menemo anapeza zimene malipoti a boma sanalembe: amuna amene anapita kukasuma osabwerako. Harri Englund mu 2006 anafufuza mmene mawu oti ufulu wachibadwidwe anamvekera kwa anthu wamba, ndipo mu 2011 analemba buku lonse pa pologalamu ya Nkhani za m'Maboma ya pa wailesi ya MBC. Onsewa anayambira pa chilankhulo cha anthu, kenaka n'kupita ku maganizo a akatswiri. Mabuku athu ophunzitsira amayenda chobwerera: amayambira kwa akatswiri, ndipo nthawi imatha asanafike kumudzi.

Wina ati, nanga si masiku ano kuli intaneti? Zoona, zinthu zasintha. Buku la Introduction to Sociology la OpenStax, lochokera ku Rice University ku America, mwana akhoza kulitsitsa pa foni osalipira tambala kupatula bandulo. N'chinthu chabwino, ndipo chachepetsa kulimbirana buku limodzi m'laibulale. Koma zitsanzo zake ndi za ku America. Tangochoka ku Bethnal Green kupita ku Chicago basi. Pamene mabuku a eni akupezeka ulere, mabuku onena za ife ndiwo osowa: ena anasiya kusindikizidwa kalekale, ena mtengo wake ndi wa madola, ndipo buku la a Kandawire ungayende m'masitolo a mabuku a mu Blantyre ndi Lilongwe tsiku lonse osalipeza.

Kusowa kwa ndalama ndi chifukwa chomveka, koma si chokwanira. M'zaka za m'ma 1990 aphunzitsi a zachipembedzo pa Chancellor College pomwepo anayambitsa mabuku a Kachere, ndipo anasindikiza mabuku ambiri onena za Malawi pa mtengo woti wophunzira akhoza kufikira. Anzawo a sociology ali ndi chuma chosachepera. Centre for Social Research ya ku Zomba yakhala ikuchita kafukufuku kuyambira 1979, ndipo chaka ndi chaka ophunzira omaliza amalemba za kwawo. Zambiri mwa zimenezi zimathera m'malipoti a opereka thandizo ndi m'makabati ogwidwa fumbi.

Chofunika si buku la masamba 1,000 lopikisana ndi Haralambos. Kabuku kamodzi kosonkhanitsa zowerenga kangakwane poyambira: pa banja, Murdock akumane ndi Mitchell ndi a Gwengwe, pa ntchito, Marx akumane ndi a Kandawire, pa ulamuliro, Weber akumane ndi Nkhoswe Nambala Wani. Ndime za Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao zisiyidwe m'zilankhulo zomwezo, ophunzira avutike okha kuzitanthauzira, chifukwa pamene liwu lakana kulowa m'Chingerezi ndi pamene pali nkhani. Haralambos akhale ndithu pa shelefu, ali ndi ntchito yake. Koma pa mayeso a chaka choyamba pakhale funso limodzi loti mwana afotokoze kuti kwawo munda ndi wa yani, ndipo mwini wake akamwalira amautenga ndani. Amene angayankhe bwino funso limenelo, fomu ya kumudzi tingamupatse osadandaula.