Manja a woimba ng'oma za Vimbuza

Kukazizira ku Mzuzu, makamaka mu June, chikopa cha ng'oma chimalefuka. Woimba amaiwamba pamoto, n'kumaigogoda ndi chala mpaka mawu atakwera, kenako amamata phula pakati kuti izilira mozama.

Pa Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka, amayi amawomba m'manja n'kumaimba, koma woimba ng'oma maso ake amakhala pa mapazi a wodwala amene akuvina. Mzimu uliwonse uli ndi kaimbidwe kake. Akaphonya, wovina amangoti chilili. Amaimba mpaka tambala woyamba, zikhatho zitatupa, thukuta lili kamukamu.

Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza Vimbuza monga chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu umenewo uwafikenso amisiri a ng'omawa, amene ambiri timawamva usiku koma sitiwadziwa mayina.