Kanema wa pa Mapanga wasiya funso pakhomo

Ife a kwa Mpama tikamachokera ku Limbe pa minibasi timadutsa pa Mapanga, pomwe pali nyumba za Amitofo Care Centre. Ambiri timangoti "kwa Matchaina kuja", chonsecho anayambitsa malowa ndi a Hui Li, mmonke wa Chibuda wa ku Taiwan. Za mkati mwa mpandamo ndinazionera m'kanema wa Nicole Schafer wa mu 2019, Buddha in Africa.

Kanemayu ngokoma m'maso, zimenezo sinditsutsa. Ana amasiye kudzuka kusanache, kupemphera m'Chitchaina, kudya ndi timitengo, kusewera kung fu mochita kugometsa. Koma mayi Schafer ajambula mwambo n'kumana malo chiphunzitso chenichenicho, chomwe ku India amati sunyata, Matchaina n'kumati kong.

Ena amamasulira mawuwa kuti "kupanda kanthu", ngati mtsuko wouma. Ayi ndithu. Nagarjuna, katswiri wa ku India wa zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, ankatanthauza kuti palibe chinthu choima pachokha. Nsima ili pambalepo ndi chimanga, mvula, khasu, chigayo ndi dzanja la mayi. Tachotsani zimenezo, nsimayo ili kuti? "Ine" amene timamumenyera nkhondoyu alinso chimodzimodzi. Wozindikira izi amaleka kukakamira zinthu, ndipo kumasuka kwake n'komweko. Kwa ife oleredwa mu umunthu, zachilendo apa n'zochepa.

Ndiye taonani mnyamata yemwe kanemayu akumulondola. Akapita kumudzi kwa agogo ake, Ayao achisilamu, Chiyao chikumuvuta, ndipo ayenera kusankha pakati pa sukulu ya ku Taiwan ndi abale akewo. Siddhartha, yemwe anadzakhala Buddha, anasiya nyumba yachifumu mwa kufuna kwake, ali kale bambo wa mwana. Uyu analowa mumpandamo ali kamwana. Chilankhulo chake anachitula yekha ngati?

Funso lomwe ndinkadikira kuti a Hui Li afunsidwe ndi ili: ngati palibe choyenera kuchikakamira, nanga Chitchaina ndi timitengo tija n'zokakamiriranji? Sunyata angaphunzitsidwe m'Chiyao, pamphasa, mwana akudya ndi manja. Sindikunyoza phala ndi sukulu zimene anawa alandira, poti enafe sitinadyetsepo wamasiye ngakhale mmodzi. Koma mayi Schafer anafika pakhomo penipeni pa funsoli, n'kubwerera osagogoda.