Muyezo Wolakwika Umanyozetsa Luso

Ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, akhala akusula aphunzitsi kuyambira mu 1939. Amene akuphunzira kumeneko lero, mawa adzaima pamaso pa ana n'kumagamula kuti chojambula ichi chakhoza, icho chalakwika. Asanagwire cholembera chofiira, ndi bwino adziwe mmene akatswiri oyambirira a mbiri ya zaluso anaphonyera poweruza luso la Baroque, lomwe linakula ku Rome m'zaka za m'ma 1600.

Maso a akatswiriwo anazolowera ntchito za Raphael: mizere yooneka bwino, anthu oima mwabata, mbali ino yolingana ndi inayo. Ataona makoma okhotakhota a Borromini ndi zosema za Bernini, anati luso lasokonekera. Francesco Milizia anazinyoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Jacob Burckhardt, m'buku lake la Der Cicerone la 1855, ankaona Baroque ngati luso la Renaissance, la nthawi ya Raphael, lomwe lalowerera.

Amene anatembenuza nkhani ndi Heinrich Wölfflin, m'buku la Renaissance und Barock la 1888. Iye anaona kuti amisiriwa sankalephera kutsanzira Raphael ayi. Cholinga chawo chinali china: kuti chosema chioneke ngati chikuyenda.

Taonani chosema cha Bernini cha Teresa Woyera m'tchalitchi cha Santa Maria della Vittoria ku Rome. Mutu wagwera m'mbuyo, pakamwa patseguka pang'ono, phazi lopanda nsapato likulendewera, thupi lamira m'makwinya a chovala chamwala. Pamwamba, Bernini anabisa zenera kuti kuwala kwa dzuwa kuzitsika pa timizati tagolide. Mwala, kuwala ndi nyumba yonse zagwirana manja kuti zigwedeze mtima wa wopemphera. Mukachichotsa pamalo pakepo, mwachipha.

Wölfflin naye anali ndi pofooka pake, chifukwa ankapenya kwambiri maonekedwe. Mu 1921 Werner Weisbach anatsindika chifukwa chimene lusoli linakulira: utatha msonkhano wa ku Trent mu 1563, mpingo wa Katolika unkafuna luso lokoka mitima ya anthu wamba.

Kwathu kuno tikuidziwa nkhaniyi. Amishoni ambiri akale anatcha Gule Wamkulu zachikunja, osafunsa kuti Chadzunda kapena Kasiyamaliro akuphunzitsa chiyani. Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976, anatenga njira ina: ankalemba chilombo chilichonse pamodzi ndi nyimbo zake, kavinidwe kake ndi mwambo wake. Ndithudi gule amaoneka bwino pabwalo, ng'oma zikulira, amayi akuimba, fumbi lili koboo, monga pa Kulamba ku Mkaika. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha anthu onse padziko.

Choncho inu aphunzitsi a mawa, mwana akakubweretserani chojambula kapena chosema chimene simunachizolowere, musafulumire kuchiyeza ndi za m'buku. Yambani mwamufunsa chimene amafuna kunena, kenaka muweruze ngati wachinena bwino.