Buku la Eni ndi Buku Lobwereka: Mabuku a pa Makina ndi Oŵerenga Chicheŵa a ku Tengwe

Kuyambira chaka cha 2007, pamene kampani ya Amazon idayamba kugulitsa kachipangizo koŵerengera kotchedwa Kindle, olemba za mabuku ku Ulaya ndi ku America akhala akukangana ngati buku la pepala lidzafa kapena ayi. Mu 2011 kampaniyo idalengeza kuti m'sitolo mwake mabuku a pa makina, amene eni ake amaŵatcha e-book, ayamba kugulidwa kuposa a pepala, ndipo ena adayambiratu kukumba manda. Maliro sadachitike. Patapita zaka zoŵerengeka malonda a mabuku a pa makina adaleka kukwera monga poyamba, ndipo buku la pepala likugulidwabe. Mkangano tsono udasamukira ku chikumbumtima cha wogula: choipa pang'ono n'chiti, kudula mitengo yopangira mapepala kapena kukumba miyala yopangira mabatire? M'nkhani ino ndifuna kuuyesa mkanganowu ndi muyeso wa oŵerenga amene satchulidwamo konse, ndiwo ana ndi adzukulu a machona a ku Tengwe, m'boma la Hurungwe ku Zimbabwe.

Tengwe ndi dera la fodya kufupi ndi tauni ya Karoi. Azungu adatsegula mapulazi m'chigawo chimenechi m'zaka zotsatira nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ndipo gawo lalikulu la antchito lidachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena adafika wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi. M'komboni Chinyanja chinkamveka pamodzi ndi Chishona, ngakhale kuti bungwe la boma loona za mabuku, la Rhodesia Literature Bureau, lidaika mtima pa Chishona ndi Chindebele basi. Motero buku la Chinyanja linkafika pa pulazi m'sutikesi ya munthu kapena m'manja mwa mlaliki: Buku Lopatulika la 1922, buku la nyimbo, ndi timabuku tosindikizidwa ku mishoni ya Nkhoma. Buku lotere silinali la munthu mmodzi. Wodziŵa kuŵerenga ankaŵerenga mokweza, ena n'kumamvera. Linkabwerekedwa khomo ndi khomo, ndipo mwini akafa linkatsalira ana. Tisabise, masamba ena adathera kupichira chingambwe. Koma ngakhale pamenepo buku lidatha chifukwa mwini wake adafuna, osati chifukwa wina kutali adalamula.

Mwa mabuku a ku Nkhoma lina ndi Nthondo, limene Samuel Yosia Ntara adalemba ndipo lidatuluka mu 1933. Nthondo amapita ku Halale kukagwira ntchito, koma Ntara amauona ulendowo ndi maso a otsala kumudzi: Halale ndi malo amene munthu amapitako, nazunzika, nabwerera kwawo kukakhala munthu. Amene sadabwerere, amene adakwatira konko nabereka ana osadziŵa njira ya ku Dedza kapena ku Mangochi, nkhaniyo ilibe nawo ntchito. Moyo wa anthu ameneŵa udafotokozedwa mwatsatanetsatane ndi ena, ndiponso m'Chingerezi.

Mabuku aŵiri akwanira kuonetsa zimene ndikunena. Loyamba ndi Working on the Margins la Blair Rutherford wa ku Canada, amene adachita kafukufuku wake pa mapulazi a ku Hurungwe komweko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Ndi buku losamala, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yolimba: wantchito wa pa pulazi sankalamulidwa kwenikweni ndi malamulo a boma, koma ndi ulamuliro wa pakhomo pa mwini pulazi, amene nyumba, ngongole, ngakhale za ukwati zinkadutsa m'manja mwake ndi mwa akapitao ake. Chimene chiyenera kuyamikidwa koposa ndi kasindikizidwe kake. Lidatuluka mu 2001 ku London kudzera ku Zed Books, komanso ku Harare kudzera ku Weaver Press, kotero kuti mphunzitsi wa ku Karoi akadatha kulipeza m'dziko lake lomwe. Lachiŵiri ndi la Zoë Groves, Malawian Migration to Zimbabwe, 1900–1965, limene Palgrave Macmillan adasindikiza mu 2020. Nalonso ndi la phindu, makamaka pa za Anyasa a mu Salisbury, ndipo liwu loti machona lili pachikuto pomwe. Bukuli likupezeka pa makina, ndipo wofuna angagule mutu umodzi wokha. Kunena mwa malamulo a malonda, lafika paliponse pamene pali intaneti, ku Tengwe komwe. Koma mtengo wake udapimidwa pa thumba la malaibulale a mayunivesite olemera, ndipo kuti ulipire uyenera kukhala ndi khadi la banki lovomerezeka kunja. Sindikudzudzula wolemba, pakuti mitengo saika ndi iye. Ndikungoona kuti wosindikiza akanena kuti buku lili paliponse, amasoŵa chifukwa chofunira mnzake wa ku Harare kapena ku Blantyre wosindikiza naye limodzi. Nzeru za m'komboni zimayenda ngati fodya: tsamba limathyoledwa kuno, limasankhidwa ndi kumangidwa mabelo, ndipo ndudu ikabwerera wothyola uja sangaigule.

Palinso china chozama kuposa mtengo. Wogula buku la pa makina m'masitolo akuluakulu kaŵirikaŵiri sagula buku ayi. Amagula chilolezo choliŵerenga, ndipo bukulo limabwera lokiyidwa kuti asalibwereketse kapena kuligulitsanso mwa kufuna kwake. Mu 2009 Amazon idafufuta mabuku ena a George Orwell m'zipangizo za anthu amene adalipira kale, popanda kugogoda. Mu 2019 Microsoft idatseka sitolo yake ya mabuku, nibweza ndalama, koma mabuku adazimirira m'makina a ogula. Azungu adadabwa nazo. Munthu wa ku Tengwe sangadabwe, chifukwa ndi m'mene inaliri nyumba ya m'komboni: umagonamo, umasesa, umabereka ana, koma ndi yako pokhapokha mwini pulazi akadali wokondwa nawe. Pamene boma lidayamba kulanda mapulazi mu 2000, antchito ambiri adataya ntchito ndi malo ogona tsiku limodzi, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri obadwira m'dzikomo ngati alendo. Chimene munthu adapulumutsa ndi chimene adatha kusenza. Kwa anthu amene adaphunzira motere kusiyana kwa chako ndi chobwereka, funso lakuti buku ndi la yani lili patsogolo pa funso lakuti ndi la pepala kapena la galasi.

Apa ndi pamene chikumbumtima cha wogula wa kumaiko olemera chimandipereŵera. Amaŵerengera mitengo imene wapulumutsa pogula kachipangizo, ndipo wochenjerapo amakumbukira kuti batire lake lili ndi lithium ndi cobalt. Sakulakwa. Zimbabwe yomweyo ili ndi migodi ya lithium ku Bikita ndi ku Arcadia pafupi ndi Harare, imene makampani a ku China a Sinomine ndi Huayou adagula mu 2022. Koma kaŵerengedwe konseka kamaona Africa ngati kochokera zinthu kokha: nkhuni za m'mabalani a fodya, miyala ya mabatire, nkhani zosimba. Sikafunsa ngati mdzukulu wa munthu wolembedwa m'buku angaŵerenge za agogo ake. Wogula amasamba m'manja pa za mitengo, za oŵerenga osaziganizako.

Wina asaganize kuti ndikulirira pepala. Pepala lidaŵalephera anthu a ku Tengwe kalekale: chiswe chimadya, mvula imanyowetsa, ndipo kutumiza katoni ya mabuku kuchokera ku Lilongwe kudutsa Tete mpaka ku Karoi kumadula kuposa mabukuwo. Lipoti la UNESCO la 2014 la za kuŵerenga pa foni, limene Zimbabwe inali limodzi mwa maiko 7 ofufuzidwa, lidaonetsa kuti anthu osoŵa mabuku amaŵerenga ndithu pa timafoni totsika mtengo. Baibulo la Chicheŵa lero limapezeka pa foni kwaulere, ndipo zolembedwa zimayenda pa WhatsApp kuchokera kwa msuweni wa ku Johannesburg kupita kwa azakhali a ku Hurungwe. Osindikiza amati kwina kumeneko ndi kuba, ndipo nthaŵi zambiri akunena zoona. Wolemba Chicheŵa, amene kale lomwe amapeza zochepa, ndiye woyamba kuluza. Komabe tione kuti cholembedwa chosakiyidwa chimachita zonse zimene buku la m'sutikesi linkachita: chimabwerekedwa, chimaŵerengedwa mokweza, chimaoloka Zambezi. Vuto lili pa loko ndi pa chinenero, osati pa makina.

Za chinenerozi zikutikhudza ife tomwe, ofufuza za zinenero za kuno. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 adaika Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo adabwezera unzika obadwira m'dzikomo amene makolo awo adachokera kumaiko oyandikana a SADC. Ufulu wa chinenero uli papepala. Choŵerenga ndiye chikusoŵa. Ambiri a ife tidamwako madzi m'makomboni pofufuza, kenaka tidasaina mapangano opereka ufulu wonse wa buku kwa wosindikiza wa kunja osaŵerenga n'komwe ndime ya zomasulira. N'zotheka kupempha kuti ufulu womasulira m'Chicheŵa utsale ndi wolemba, kuti mutu umodzi kapena iŵiri ituluke yosakiyidwa pa foni, ndiponso ngati kabuku kotsika mtengo koti kafike ku sukulu ndi ku tchalitchi. Tikatero tidzakumana ndi funso limene lidzafuna msonkhano wakewake: tidzalemba m'kalembedwe ka ku Malaŵi, kamene Chichewa Board idakhazikitsa m'zaka za m'ma 1970, kapena ka Chinyanja cha ku Zambia, pamene mwana wa ku Tengwe adaphunzira kuŵerenga m'Chishona, ndipo Chicheŵa chake chili ndi mawu a Chishona amene mkonzi wa ku Zomba angafune kuŵafufuta.