Zenera Lalikulu la ku York: Kodi Analikonza Bwino?

Phunziro lathu la lero likunena za zenera la magalasi a mitundumitundu. Zenera limeneli lili m'chalichi cacikulu ca mzinda wa York, ku England. Ndi lalitali mamita pafupifupi 23, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita pafupifupi 10. Lili ndi zigawo 311. Zithunzi zake zimafotokoza nkhani za m'Baibulo, kuyambira kulengedwa kwa dziko mpaka Cibvumbulutso.

Zenerali lakonzedwa kangapo. Kukonza komaliza kunayamba mu 2008, kunatha mu 2018. Ife tikufuna kuiweruza nchito imeneyi. Tonse timakonza zinthu. Timasoka cigamba pa malaya, timaluka ukonde wong'ambika, timamata denga lodontha. Conco funso lake tikulidziwa: kodi wokonza wabwino ndi wotani?

Amene analipanga

Mmisiri wake anali John Thornton wa ku Coventry. Anayamba nchito mu 1405, namaliza mu 1408. Ndalama anapereka ndi Walter Skirlaw, bishopu wa ku Durham. Mau a pangano la nchitoyo akudziwika mpaka lero. Thornton ankalandira mashilingi 4 pa sabata ndi mapaundi 5 pa caka. Anamulonjezanso mapaundi 10 ngati amaliza m'zaka zitatu. Anamalizadi, ndipo anaika cizindikiro cake ndi caka ca 1408 pamwamba pa zeneralo.

Amisiri ambiri a nthawi imeneyo maina ao anaiwalika. Dzina la Thornton tikulidziwa cifukwa linalembedwa.

Mmene ankapangira zenera lotere

Galasi ankapanga posungunula mcenga ndi phulusa la mitengo pa moto waukulu. Kuti likhale ndi mtundu, ankathiramo miyala ya zitsulo. Mkuwa umapatsa mtundu wofiira kapena wobiriwira. Mmisiri ankalemba cithunzi conse pa tebulo lopaka njereza. Kenaka ankadula galasi ndi citsulo camoto, potsata mizere ya pa tebulopo. Maso, tsitsi ndi makwinya a zobvala ankazilemba ndi utoto wakuda, nawocha galasilo m'ng'anjo kuti utotowo ugwire. Pomaliza ankalumikiza tizidutswa tonse ndi timizere ta mtobvu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri.

Gwirani mfundo iyi. Dzuwa likawala, mtobvu umaoneka ngati mzere wakuda. Mmisiri waluso amauika m'mphepete mwa nkhope kapena mwa dzanja, kuti uthandize cithunzi kuoneka. Mzere wa mtobvu uli ngati mzere wa cilembo. Ukauika pamalo olakwika, cilembo cimasanduka cina.

Okonza akale

Mtobvu umatopa. Galasi limasweka ndi mphepo, cisanu ndi moto. Okonza akale akapeza galasi losweka, ankadutsitsa mzere wina wa mtobvu pa mng'aluwo. Akapeza dzenje, ankatsekapo ndi kagalasi kena kalikonse. Zaka zikupita, mizere yakuda inaculuka. Nkhope imodzi inkatha kudulidwa pawiri kapena patatu.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, zenerali analitsitsa nalibisa poopa mabomba. Nkhondo itatha, mkulu wa chalichico, Eric Milner-White, anatsogolera nchito yolibwezera, ndipo inatha mu 1953. Iye anayesetsa kubwezera tizidutswa tambiri m'malo mwake. Koma mtobvu umene anagwiritsa nchito unali wonenepa. M'maenje anaikamo magalasi akale ocokera m'mazenera ena. Zenera linaima, mitundu inawala, koma nkhani zambiri zinali zobvuta kuziwerenga.

Tisawaseke anthu amenewa. Analibe zomatira zimene zilipo lero. Akadapanda iwo, bwenzi palibe cokonza. Komabe tinene zoona: anapulumutsa galasi, koma cithunzi cinabisika.

Okonza a 2008 mpaka 2018

Nchito yatsopano anagwira ndi amisiri a bungwe la York Glaziers Trust, limene linayamba mu 1967. Anatsitsa zigawo zonse. Cigawo ciliconse anacijambula cithunzi asanacikhudze. Anacimasula, natsuka mwaye ndi litsiro pang'onopang'ono. Pamene panali mng'alu, anacotsa mtobvu woonjezera uja, nalumikiza galasi ndi guluu woonekera ngati madzi. Pomanganso anagwiritsa nchito mtobvu woonda.

Pa maenje sanathamange. Anawerenga zimene anthu akale analemba za zeneralo, monga James Torre amene analifotokoza ca m'ma 1690. Anayang'ananso zithunzi zina za Thornton yemweyo. Pamene umboni unalipo, analemba kagalasi katsopano. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nchitoyi inadya zaka 10, pamene Thornton anapanga zenera lonse m'zaka zitatu.

Kunja kwa zenera anaikako magalasi ena oyera ochinga mvula ndi mphepo. Pakati anasiyapo mpata woti mpweya uzidutsa, kuti galasi lakale lisamacite thukuta. Cinyezi ndiye mdani wamkulu wa galasi ndi utoto wake.

Ciweruzo cathu

Ife tikuti anakonza bwino. Zifukwa zathu ndi zitatu.

Coyamba, anabweza nkhani. Thornton sanalipidwe kuti atseke mphepo. Analipidwa kuti afotokoze nkhani ndi zithunzi. Wokonza amene asunga galasi nataya nkhani wagwira theka la nchito. Lero nkhope zaoneka, manja aoneka, ndipo munthu angathe kuloza kuti uyu ndi Adamu, uyu ndi Yohane.

Caciwiri, anatsata umboni. Wokonza amayesedwa pamene wapeza dzenje. Mtima umamuuza kuti alembe nkhope yokongola ya m'mutu mwake. Akatero, ndiye kuti waika mau ake m'kamwa mwa mwini nchito. Lamulo la okonza magalasi masiku ano likuti kagalasi katsopano kalikonse kakhale ndi cizindikiro, kuti odzabwera adzadziwe cakale ndi catsopano. Lamulo limeneli ndi labwino. Cigamba si camanyazi. Camanyazi ndi kunama kuti cigamba ndi nsalu yoyamba.

Cacitatu, anacotsa cimene cimaononga. Kumata mng'alu osaletsa mvula kuli ngati kuzira nyumba denga likudontha. Magalasi ochinga aja satenga maso a alendo, koma ndiwo adzatalikitsa moyo wa zenera.

Zimene zikutikayikitsa

Wina anganene kuti: nchito ya Milner-White nayonso ndi mbiri ya zeneralo, nanga anaicotseranji? Funsoli ndi lolemera. Wokonza aliyense amaganiza kuti iye ndiye wadziwa. A 1953 ankaganiza comweco. Yankho lathu ndi lakuti kucotsa n'kololeka ngati walemba ndi kujambula zonse zimene unapeza. Okonza a ku York anacita zimenezi. Koma nchito yao nayonso idzaweruzidwa. Guluu ndi cinthu ca masiku ano. Mtobvu anthu audziwa zaka mazanamazana, pamene guluu wa mtundu umenewu amatha kucita cikasu akakalamba. Zidzukulu ndizo zidzaone ngati anasankha bwino.

Pali cinanso cimene wokonza sangathe kukonza. Anthu amakonda kunena kuti mazenera otere anali buku la anthu osadziwa kuwerenga. Ife mau amenewa sitiwabvomera onse. Zenera la ku York ndi lalitali kwambiri. Munthu woima pansi amaona mitundu yokongola, koma nkhope za pamwamba saziona bwino. Ndiponso cithunzi ca nyama ya mitu isanu ndi iwiri sicikuuza kanthu ngati nkhani yake sunaimvepo. Wosadziwa kuwerenga ankadikira wina amuuze. Wodziwa kuwerenga ankatsegula buku nadzionera yekha.

Kuyambira mu 2012, nchito ili m'kati, a chalichi anaonetsa zigawo zina zokonzedwa pansi, m'kacipinda kochedwa The Orb. Anthu wamba anaona pafupi tsitsi ndi maso amene Thornton ndi anzake analemba. Cimeneci tikuciyamikira kwambiri. Koma zigawozo zinabwerera pamwamba, pamalo pake. Tsopano amene akufuna kuziona pafupi amadalira zithunzi za m'mabuku ndi mau olembedwa pansi pake.

Onaninso kuti zolembedwa ndizo zinathandiza zenera limeneli. Pangano linasunga dzina la mmisiri ndi malipiro ake. Zolemba za Torre zinathandiza okonza patapita zaka zoposa 300. Zimene okonza a 2018 analemba zidzathandiza amene adzakonze m'tsogolo. Nafenso tikakonza mjigo, cigayo kapena denga la sukulu, tizilemba m'kope tsiku, cimene tinapeza ndi cimene tinasintha.

Tiyeni tikambirane

1. Kodi mtobvu umagwira nchito yanji pa zenera la magalasi?
2. N'cifukwa ciyani nkhope zina zinabisika okonza akale atamaliza nchito yao?
3. Kodi mukubvomera kuti cigamba ciyenera kudziwika kuti ndi cigamba? Fotokozani.
4. Chulani cinthu cimodzi ca m'mudzi mwanu cimene cinakonzedwa bwino, ndi cina cimene cinakonzedwa moipa. Kusiyana kwake n'kotani?
5. Lembani m'kope mwanu mau awa: zenera, galasi, mtobvu, mmisiri, umboni.