Thanthwe Pansi, Mlalang'amba Pamwamba: Luso Lojambula Usiku ku Ludzi

Kujambula nyenyezi pamwamba pa matanthwe ndi ntchito yogwirizanitsa zinthu ziwiri zosamvana. Thanthwe lili phee pamalo pake, pomwe thambo limasuntha madigiri 15 pa ola lililonse chifukwa cha kuzungulira kwa dziko. Nyenyezi zili ndi kuwala kwake, mwala ulibe. Kamera ikakhala chitsegukire kuti mwala uoneke, nyenyezi zimasanduka timizere. Ikatsekedwa msanga, mwala umangokhala chimdima chopanda nkhope. Luso lonse lagona pa mkanganowu.

Dera la Ludzi m'boma la Mchinji, kumene kuli mishoni ya Akatolika, chipatala ndi sekondale ya atsikana, lili pachigwa cha minda ya fodya, mtedza ndi chimanga. Chakumadzulo kwake kuli mapiri a Mchinji, amene amatsata malire a Malawi ndi Zambia. Miyala ya m'chigawochi ndi yakale kwambiri, ya zaka zoposa 500 miliyoni, ndipo mvula ndi dzuwa zaisenda mpaka kuiviringa. Munthu akangotalikira mababu a pamishoni ndi a pamsika, amalowa mumdima umene ojambula a ku Ulaya amaulipirira ndege kuti aupeze. Mdimawu ulipo chifukwa midzi yambiri ilibe magetsi, ndipo wojambula woganiza bwino saiwala kuti chimene chikumukomera iye ndi chimene mwana wa sukulu akuwerengera pa tochi.

Malo a Ludzi pa dziko ndi amene amalamula zooneka kumwamba. Derali lili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Motero Polaris, nyenyezi imene ojambula a kumpoto amazunguliza thambo lawo, sioneka kuno. Thambo la kuno limazungulira kadontho kopanda nyenyezi yowala, kamene kali kumwera, chibakera chimodzi ndi theka pamwamba pa mapeto a dziko munthu akatambasula mkono. Nyenyezi zapafupi ndi kadonthoka sizichoka kumwerako, ndipo dzina lakale lakuti Kumpotosimpita limanena bwino khalidwe lotere. Mayina ena a makolo ndi Nsangwe, kagulu kothithikana kaja. Akamwiniatsatana, zitatu zondandalikana. Nthanda ya mbandakucha. Ndi Mlalang'amba, mzere wa kuwala wodutsa thambo lonse.

Pakati pa Mlalang'amba, pamene pali ponenepa ndi powala koposa, pamadutsa pafupifupi pamutu pa munthu woima ku Mchinji. Ichi ndi chuma, komanso ndi msampha. M'mwezi wa Juni pakati pa usiku, kapena mu Ogasiti cha m'ma 9 koloko, Mlalang'amba umakhala pamwamba kwambiri moti kuuika m'chithunzi chimodzi ndi thanthwe kumavuta: kamera imayang'ana kumwamba, mwala n'kutsala kam'mphepete chabe. Nthawi yabwino ndi pamene uli pafupi ndi dziko. Mu Epulo ndi Meyi umatuluka kum'mawa mopendekeka, kukwera chakumwera kumene kuli nyenyezi za Mtanda wa Kumwera, ndipo mvula imakhala itangotsuka mpweya. Mu Seputembala ndi Okutobala umagona chopingasa kumadzulo, pamwamba penipeni pa mapiri a Mchinji. Maonekedwe ake ngokoma, koma miyezi imeneyi ndi ya fumbi ndi utsi wa moto wa osaka mbewa, ndipo kuseri kwa mapiriwo kuli magetsi a mzinda wa Chipata, amene kamera imawaona ngakhale diso lisakuwaona. Pa nyengo ziwirizi, ya kumapeto kwa dzinja ndiyo imapereka thambo loyera.

Zida zake si zambiri: kamera yolola mwini wake kusankha yekha zonse, lenzi yoona patali m'mbali, ndi sitandi ya miyendo itatu yosagwedezeka ndi mphepo ya mwera. Ojambula ali ndi lamulo la 500: nambalayi igawidwe ndi utali wa lenzi, ndipo yankho lake ndi masekondi amene kamera ingakhale yotseguka nyenyezi zisanayambe kukoka michira. Lenzi ya mamilimita 24 imapereka pafupifupi masekondi 20. Makamera a masiku ano amaona zing'onozing'ono kwambiri, choncho n'kwanzeru kuchepetsako mpaka 12 kapena 15. Khomo la lenzi litsegulidwe pa f/2.8 ngati ikulola, ISO, muyezo wa mphamvu ya kamera yogwira kuwala, ikhale cha m'ma 3200, ndipo chithunzi chisungidwe mu mtundu wa fayilo wotchedwa RAW. Kamera siitha kudzipezera yokha pamene paoneke bwino mumdima. Wojambula amasankha nyenyezi imodzi yowala, monga Alpha Centauri, n'kuikulitsa pagalasi la kumbuyo, kenaka n'kumapotoza lenzi pang'onopang'ono mpaka itachoka pa kambulunga kofufuma n'kukhala kadontho kakuthwa ngati nsonga ya singano. Mu Juni ndi Julayi mame amagwera pa lenzi mosadziwika, ndipo kuzizira kumamaliza batire msanga. Yapadera isungidwe m'thumba la mkati. Mafoni ena tsopano amatha kusonkhanitsa kuwala kwa mphindi zingapo, bola atsamizidwe pamwala osagwiridwa.

Zonsezi munthu amaziphunzira m'masiku ochepa. Chovuta, chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa, ndi mwala.

Thambo ndi limodzi kwa onse okhala pa mzere umodzi wa dziko. Mlalang'amba wa ku Ludzi ndi womwewo wa ku Peru kapena kumpoto kwa Australia. Chimene chimanena kuti chithunzi ichi n'cha ku Mchinji ndi thanthwe: mng'alu wake, ndere zotuwa zomata pamenepo, kachere amene mizu yake yakumbatira mwala n'kulowa m'ming'alu, udzu wouma wa m'munsi mwake. Wojambula amene amafika usiku, n'kuloza kamera kumwamba, n'kuikako mwala uliwonse woti pansi pasakhale pululu, wajambula nyenyezi koma sanajambule malo. Mmisiri amafika masana. Amalizungulira thanthwe, kufuna mbali imene m'mphepete mwake mukuwerengeka ngakhale lili lakuda bii, ndi kuona ngati kupendekeka kwake kudzayankhana ndi kupendekeka kwa Mlalang'amba. Nthawi zambiri amatsitsa sitandi mpaka m'mawondo kuti mwala ukwere n'kulowa pakati pa nyenyezi, osati kukhala pansi pake ngati mphasa.

Kenaka pamabwera funso la kuwala. Pali njira zitatu, ndipo sizilingana. Yofala kwambiri ndi kuwalitsa mwala ndi tochi kamera ili yotseguka. Ndi imene imaononganso zithunzi zambiri. Tochi ikachokera pamene pali kamera, mithunzi yonse imafafanizika, thanthwe limatuwa mbee ngati khoma lopaka laimu, ndipo diso la woona limathawa nyenyezi. Ngati tochi igwiritsidwe ntchito, ichokere m'mbali, patali, itakutidwa ndi nsalu, ndipo ingodutsa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Njira yoposa imeneyi ndi kudikira mwezi. Ukakhala wathunthu umameza Mlalang'amba, koma masiku atatu kapena anayi utangokhala, kachigamba kake kotsika kumadzulo kamaseta mwala m'mbali, khwinya lililonse n'kuoneka, thambo lidakali lodzaza. Njira yachitatu ndi ya oleza mtima: mwezi uli kumdima, kamera imasiyidwa pamalo omwewo kwa mphindi zingapo kuti mwala uwale ndi kuwala kwa nyenyezi zokha, ndipo chithunzicho chimaphatikizidwa ndi cha thambo chojambulidwa pomwepo usiku womwewo. Mwala wotere umaoneka wofewa, wopanda mthunzi wolimba, monga mmene diso limauonera likazolowera mdima kwa mphindi 30.

Kuphatikiza kumeneku kuli ndi malire. Kamera imaona zoposa diso, ndipo zimenezi si chinyengo. Mu 1882 David Gill, pojambula nyenyezi ya mchira ku Cape Town, anapeza kuti chithunzi chake chagwira nyenyezi zochuluka zedi, ndipo ntchito yolemba mapu a thambo la kumwera ndi kamera inayambira pamenepo. Koma kutenga thambo la kwina n'kulimata pamwamba pa phiri la ku Mchinji ndi bodza, ndipo limagwidwa. Mlalang'amba sungaime kumene suima, ndipo mizere ya nyenyezi siingazungulire pamwamba pa phiri kamera italoza kumpoto. Chimodzimodzi utoto wowonjeza. Pakati pa Mlalang'amba m'potuwira chachikasu, podukaduka ndi mitambo yakuda ya fumbi. Kuusandutsa wofiirira ndi wobiriwira pa kompyuta kumabisa zomwe zinali zofunika kuonedwa.

Mizere ya nyenyezi ndi mtundu wina wa luso lomweli. Kamera imaloza kumwera, n'kujambula zithunzi za masekondi 30 motsatizana kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo zimasanjikizidwa. Popeza pakati pa mzungulirowo m'potsika, thanthwe lalitali likhoza kuphimba pakatipo, mizere n'kumaoneka ngati ikutuluka mumwala.

Palinso mbali ina imene mabuku a kunja sanena. Matanthwe ndi mapiri a kuno ali ndi eni ake. Ena ali pafupi ndi manda kapena dambwe, ena ndi malo opempherera, ndipo mapanga ena a m'chigawo chapakati ali ndi zojambula zamakedzana, monga za ku Chongoni ku Dedza zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pamalo otere sipakolezedwa moto ndipo khoma siligwiridwa. Mlendo woyenda usiku ndi chitsulo cha miyendo itatu ndi kanyali kofiira amadzetsa mantha, ndipo mphekesera za anamapopa za mu 2017 zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera. Wojambula amayamba wakaonekera kwa a nyakwawa dzuwa lili pamutu, kuwaonetsa kamera ndi zithunzi zake, ndi kupempha munthu wa pamudzipo womuperekeza. Woperekezayo ndi amene amadziwa njira yokwerera, mng'alu wokhala njoka, ndi dzina la thanthwelo, limene liyenera kulembedwa pansi pa chithunzi pamodzi ndi tsiku ndi ola.