Kabuku ka masola kasokoneza kuwala ndi kutentha

Mwezi wathawu tinaonerera phunziro la sayansi m'makalasi atatu a zinenero ziwiri ku Angónia. Aphunzitsi onse atatu ankagwiritsa ntchito kabuku komasuliridwa kuchokera ku Chipwitikizi, konena za nyumba zomwe khoma kapena denga lake ndi masola opanga magetsi ndi kutentha nthawi imodzi.

Kabukuka kali ndi zabwino. Zithunzi zake n'zooneka bwino, ziganizo n'zazifupi, ndipo womasulira wasunga mawu akuti sola, omwe ana amawamva kumsika ndi kunyumba. Vuto lili pa mawu akuti mphamvu ya dzuwa, omwe abwera patsamba lililonse popanda kusiyanitsa kuwala ndi kutentha. M'Chinyanja, tikati dzuwa laswa mtengo timaganiza za kutentha. N'chifukwa chake titafunsa ana, ambiri anayankha kuti sola imapanga magetsi ochuluka ikatentha kwambiri.

Si choncho ayi. Sola imapanga magetsi kuchokera ku kuwala, ndipo imasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 5 a mphamvu yomwe yafika pa iyo. Yambiri yotsalayo imasanduka kutentha, komwe kumaifooketsa. Ikapitirira madigiri 25, digiri iliyonse imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti ya magetsi ake. Ikafika madigiri 60 padenga, yataya pafupifupi 14 peresenti.

Nyumba zomwe kabukuka kakunena zimamangidwa pofuna kuthetsa vuto lomweli. Chitsanzo ndi nyumba ya John Molson School of Business, ya yunivesite ya Concordia ku Montreal, m'dziko la Canada, yomwe inatsegulidwa mu 2009. Masola ake anaikidwa pa khoma la chitsulo chakuda chokhala ndi timabowo. Mafani amakoka mpweya wozizira wakunja kudzera kuseri kwa masolawo. Masola amazizira n'kugwira ntchito bwino, ndipo mpweyawo umalowa m'nyumba utafunda. Khomali limatha kupereka magetsi okwana pafupifupi makilowati 25, ndi kutentha kokwana makilowati 75. Mwana amene sanasiyanitse kuwala ndi kutentha sangamvetse chifukwa chake masolawo amawaziziritsa.

Kabukuka sikakufunsanso kuti kutenthako n'kwa ntchito yanji. Ku Montreal kumazizira koopsa miyezi ingapo, choncho mpweya wofunda umafunikadi. Ku Ulongué, mu Juni ndi Julayi, madzi osamba ofunda angathandize kugonero la ana asukulu. Koma mumzinda wa Tete ndani angafune kufunditsa kalasi? Funso limeneli ana akanaliyankha okha, m'chinenero chawo.

Aphunzitsi, musakataye kabukuka, koma mukakonze. Paliponse pamene palembedwa mphamvu ya dzuwa, funsani ana ngati akunena kuwala kapena kutentha. Kenako tengani kasola ka nyale kapena kotchajira foni, kaikeni padzuwa, n'kukaphimba ndi nsalu yakuda yochindikala. Ana akagwira nsaluyo amva kuti yatentha, koma aona kuti kutchaja kwaleka. Mukatero, apatseni mawu a Chipwitikizi akuti luz ndi calor, aliwonse pa malo ake.